Mbuzi Zimene Zinagwetsa Mzinda wa Kutsidya

Ndili Fomu 2, mudzi wathu unaumba njerwa za sukulu yapulaimale, poti maphunziro aulere atayamba ana anachuluka mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mango. Njerwa zosweka ankazitaya kudambo. Pa tchuthi ana anamanga nazo mizinda iwiri, wina kuno kwa khwawa, wina kutsidya. Mafumu anali a pulaimale. Ife a sekondale tinadzisankha tokha kukhala milungu, ndipo lamulo linali limodzi: mulungu sakhudza mzinda ndi dzanja kapena phazi, amangotumiza chimene amalamulira.

Mfumu ya mzinda wathu inali mlongo wanga wamng'ono, amene mwendo wake sumulola kusewera mpira. Ankapita kudambo asanasukusule, kukamata makoma ndi kuumba asilikali a dongo ogwira mikondo ya minga. Kutsidya kunali mulungu wa mvula, mnyamata wa Fomu 4, mwini kheni yothirira kudimba. Analengeza kuti Loweruka amiza mzinda wathu wonse.

Mulungu wa mphepo anali mbali yathu, koma akakupiza lichero fumbi linkabwerera m'maso mwathu momwe.

"Achemwali, inu paja ndinu mulungu wa chani?" anandifunsa mlongo wangayo, misozi ili lengelenge.

"Wa nyama."

"Nyama zake ziti? Nyerere?"

Ndinaponya maso kuminda. Nandolo anali atakololedwa, mbuzi zitamasulidwa pazingwe. Lachisanu ndinatuma tiasungwana ta mzinda wathu kukagwada kutsidya kuti tagonja, tiloleni tikuzirireni makoma ngati msonkho. Mnyamata ndani angakane kumuzirira? A kutsidya anavomera akuseka. Dothi lozirira ndinalikanda ndekha kuseri kwa nkhokwe, ndi madeya ambiri ndi mchere wonse wa amayi.

Loweruka m'mawa mulungu wa mvula anatulukira atanyamula kheni, gulu lake likuimba. Ine ndinatsetsereka ndi mbuzi za amalume, madeya pang'ono ali m'manja. Zitanunkhiza makoma aja zinandiiwala. Zinayamba ndi kunyambita, kenako kuluma. Tonde anakwera panyumba ya mfumu yawo, yonse phwaa!

"Choka! Choka!" Mulungu uja anazikhuthulira madzi, n'kumiza yekha chimene chinatsala.

"Wabera iwe!" anandiloza.

"Achimwene, mwandiona ndikukhudza? Mulungu wa nyama watumiza nyama. Inunso mvula yanu yagwa bwino ndithu."

Ana mbali zonse anagwa pansi n'kuseka, kupatula mfumu yawo imene inathamangira kukanena kwa amake. Madzulo amayi anandikoka khutu chifukwa cha mchere, ndipo mpiru tinadya wosakolera. Khutulo linapola, ndipo atamanganso mzinda wina mawa ndingachite chimodzimodzi.

Ana anagamula kuti mulungu wogonja atumikire mfumu yopambana. Tchuthi chonse chotsala mlongo wanga ankakhala pachulu, mwendo atautambasula, akulamula mnyamata wa Fomu 4 pokanda dongo la khoma latsopano: "Thirani apa, achimwene. Pang'onopang'ono, musandigwetsere asilikali."