Abulu a Akumpadire

Kamwana ka mbuzi ndinakapeza m'mawa, nditapita kukataya phulusa kuseri kwa nyumba. Kanagona chammbali pafupi ndi chikhomo chimene tinkamangirirapo bulu wamphongo. Magazi panalibe. Akadakhala fisi akadakanyamula, akadakhala galu akadakang'amba pamimba, koma apa khosi linali lothyoka, ubweya wa pamsana uli chinyowere ndi malovu, ngati chinthu china chinakanyamula ndi kamwa n'kukapukusa. Make ankangozungulira akulira. Buluyo ankadya udzu wake, osacheuka n'komwe.

Ndinakanyamula kuti ndikaonetse bambo a ana, ndipo mantha anandilowera m'manja momwemo, chifukwa kulemera kumeneko ndinkakudziwa. Ndi mmene ankalemerera mwana wanga wamng'ono, amene masiku amenewo anali atangoyamba kukwawa.

Abuluwo sanali athu. Anali a akumpadire, bambo amene anagwira mwana wathu woyamba, wamkazi, pa ubatizo. Iwo amakhala ku Cassacatiza, kufupi ndi malire, ndipo kale ankanyamula katundu wa anthu pangolo. Atagula mota, njinga yamoto ija, abulu aja anasowa nawo kochita, poti kumeneko nyumba n'zothithikana, makaminyau, magalimoto akuluakulu a katundu, sadukiza, msipu kulibe. Kugulitsa sanafune. Ndiye anabwera nawo kwathu kuti tiziwasungira, wamphongo mmodzi, aakazi awiri, ndi ngolo yomwe.

Pangano linachitika nyengo yozizira, anthu atakolola. Abambo awiriwo anakhala padzuwa akudya nzimbe, ine ndili chapatali ndi pathupi panga. Anagwirizana kuti ngolo tizigwiritsa ntchito mmene tingafunire, manyowa akhale athu, ndipo mwezi uliwonse akumpadire azititumizira mchere, sabau wochapira ndi botolo la mafuta ophikira. Chaka chonse chimodzimodzi. Mota itangochoka, bambo a ana anaseka, akuti izi ndiye kudya za ulele.

Ndipo nyengo imeneyo zinalidi za ulele. Kwathu kuno anthu akakolola ziweto zimatayiridwa, zimadzidyera mapesi m'minda ya aliyense, madzulo n'kubwerera zokha. Ntchito yanga inali kutseka khola basi. Madzi ndinkatunga pangolo, zigubu za anzanga n'kukwera nawo, mwana wanga wamkazi atakhala pamwamba ngati bwana. Bulu wamphongoyo ankamutcha mota wathu. Khosi langa linapuma chaka chimenecho, sindingabise.

Chilimwe chitafika zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Mtsinje unauma, moto unapsereza tchire, ndipo abulu atatu ndinkawamwetsa madzi opopa ndekha pamjigo, amayi anzanga akunding'ung'udzira kuti abulu a eni ayambe kumwa iwo ali pamzere. Madeya amene ndinkasungira nkhuku anathera m'kamwa mwa abulu. Komabe ndinkati n'zopiririka.

Dzinja ndilo linatiphunzitsa. Chimanga chikangomera, chiweto chilichonse chimayenera kukhala pachingwe, ndipo chingwe chimafuna munthu. M'mawa kukhoma zikhomo, dzuwa likakwera kusuntha, mvula ikagwa nthaka n'kufewa, chikhomo n'kuzuka. Tsiku lina wamkazi mmodzi anadula chingwe chake chowola n'kukadya chimanga cha oyandikana nawo munda, ndipo bambo a ana anakawapalirira mizere yambiri kuti mlandu uthe. Wamphongoyo ndiye anasinthiratu. Iye anazolowera kuyenda kutali, tsopano ankangozungulira chikhomo mpaka pansi kuyera mbee, akulira, makutu atawagoneka kumbuyo. Kumumangirira kutali sitikanatha, akuba abulu ndi ambiri nyengo ino. Ndiye tinkamumanga pamene maso athu ankafika, kutanthauza kuti pamene ana ankasewera.

Bambo a ana ataona kambuzi kaja anakatembenuza ndi phazi, n'kunena kuti aka ndiye akumpadire alipira. Ndinawauza kuti ine sindikunena za mbuzi.

"Nanga ukunena za chiyani?"

Ndinaloza mwana, amene anali pamphasa akudya chala cha kuphazi.

"Iwenso. Unamvapo kuti bulu wadya munthu?"

Sindinamvepo. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumuyang'anitsitsa. Ndikamatsuka mbale diso lili kwa iye, ndikamasinja diso lili kwa iye. Ndinaona kuti munthu wamkulu akadutsa alibe naye ntchito. Koma nkhuku kapena kagalu kakalowa pamene chingwe chikufika, ankasiya kudya, kutsitsa mutu, khosi n'kulitambasula, kenako n'kulumpha mano ali pamtunda. Zinthu zazing'ono zoyenda pansi ndizo ankadana nazo.

Ndinayesa ndi mapazi pamene chingwe chinkathera, ndipo panali pafupi ndi nkhokwe. Mwana wamkazi ndinamuuza kuti nkhokwe asaidutse, ngakhale atafuna kupatsa mota wake makoko a mango. Ankandiyang'ana ngati ndamulanda mnzake. Wamng'onoyo ndinkangomubereka, kumunda kumbuyo, pophika kumbuyo, mpaka ankalira ndi kundimenya ndi timapazi kuti atsike, iye kukwawa kunali kutamukomera. Msana unkandiotcha. Apongozi ankati ndimulemaza mwana, aphunzira liti kuyenda.

Akumpadire anabwera Lamulungu lina titachoka ku Misa, atamanga mchere ndi mafuta kumbuyo kwa mota. Anthu abwino, sindinganame. Anamunyamula mwana wamkazi uja m'mwamba, n'kumupatsa bolasha, bisiketi, kenako anakhala pakhonde ndi bambo a ana, nkhani ya malipiro n'kuyamba.

Bambo a ana anawerengera zonse: zingwe zowola, kusuntha zikhomo, mizere imene anapalira m'munda wa eni, mbuzi. Anati pangano tinalichita nthawi imene abulu ankadziweta okha, ndipo si chilungamo kuti mwezi wa dzinja ulipiridwe ngati mwezi wa mapesi. Akumpadire anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati nanga miyezi ija ya mapesi, pamene tinkadya mchere wawo abulu akudziyendera, iwo anadandaulapo? Nanga ngolo, anatiwerengerapo maulendo?

"Chaka n'chimodzi, akumpadire," anatero. "Mnofu mwadya, fupa mukufuna mundibwezere?"

"Fupa lake lakula kuposa nyama," bambo a ana anayankha, onse n'kuseka.

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma ndikumvetsera ndili pakhomo la kukhitchini ndinaona kuti aliyense akunena zoona. Anakokanakokana, mapeto ake anagwirizana kuti miyezi ya mvula akumpadire aziwonjezera thumba la madeya, agule zingwe zatsopano, ndipo mbuzi agawane kutaya. Anagwirana chanza. Za ana palibe anatchula.

Ndinabwera ndi mango m'mbale, ndinagwada, n'kupempha kuti ndiikepo mawu. Ndinafunsa ngati wamphongoyo sangafulidwe, kapena kutengedwa kaye mpaka tikolole. Ndinafotokoza za nkhuku, za kagalu, za mmene amatsitsira mutu. Mawu ankandithamanga, mwina sanamveke bwino.

"Akumadire, mukufuna kundiphera mbewu?" anaseka akumpadire. "Ana a abuluwa ndiwo penshoni yanga." Ataona kuti sindikuseka anatsitsa mawu. "Musaope. Anawa ndi anganso, wamkuluyu ndinamugwira ndine pamaso pa Mulungu. Ndikugulirani chingwe choti ngakhale njovu singadule."

Bambo a ana anandiponyera diso. Munthu amene anakugwirira mwana pa ubatizo sumubweza mawu kawiri. Ndinathokoza n'kudzuka.

Zingwe zinabweradi mkati mwa sabata, zabuluu, zolimba. Bambo a ana anamanga wamphongoyo m'mamawa pachikhomo chake cha masiku onse n'kupita kudimba. Chimene sindinaganize, ine amene ndinkayesa chilichonse, n'chakuti chingwe chatsopanocho chinali chachitali kuposa chakale.

Ndinali ndikupeta mphale. Mwana analira kumbuyo mpaka ndinati apume, ndinamutsitsa pamphasa mbali ya kuno ya nkhokwe, pamalo amene ndinkati bulu safika. Ndinapeta kangapo. Kenako ndinazindikira kuti phokoso la kudzula udzu lasiya. Nditacheuka, bulu anali atadutsa kale nkhokwe, chingwe chidakali chokhwepa kumbuyo kwake, mutu uli pansi, makutu atagona. Mwana ankakwawira komweko akuseka.

Sindinakuwe. Sindikudziwa chinanditseka pakamwa, mwina n'chifukwa ndinali nditamuyang'ana masiku onsewo, ndinkadziwa kuti phokoso limamulumphitsa. Ndinagwedeza lichero mmene ndinkachitira pomupatsa madeya, ndikumuitana ndi mawu a masiku onse, ndikuyenda chammbali kuti atembenukire kwina. Khutu limodzi linadzuka. Ndinakhuthula mphale yonse pansi, ufa wa sabata imeneyo, ndipo atangoikapo mlomo ndinamukoka mwana ndi mwendo n'kumufungatira. Iye anayamba kulira chifukwa chomukoka. Ine ndinakakhala naye pakhonde.

Bambo a ana sindinawadikire. Ndinkadziwa chimene akanena, kuti chingwe achifupikitsa, ndipo akanachifupikitsadi, koma chikhomo chikanazuka tsiku lina mvula itagwa ine ndili kumjigo. Ndinamuyamwitsa mwana mpaka kukhuta, ana onse awiri ndinakawasiya kwa akulu anga, n'kuwauza kuti asawatulutse m'nyumba mpaka ndichoke.

Kumukoka wamphongoyo pachingwe sindikanatha, akanandikwekwereza. Koma pamene pali wamkulu mwa abulu aakazi awiri aja iye sachoka. Ndiye ndinamasula wamkaziyo n'kutsogola naye, wamphongo ndinamukulungira chingwe chake m'khosi n'kumusiya. Anaima pang'ono, kenako ndinamva ziboda kumbuyo. Ndinadzera njira ya ngolo, kupewa tinjira ta m'minda kuti asadye chimanga cha eni. Ulendo wake ndi wautali kwa munthu wapansi. Anthu a njinga ankandifunsa ngati ndikukagulitsa, ine n'kumangoti ayi, ndikukapereka kwa eni ake. Pofika pamsewu waukulu bulauzi inali itanyowa ndi mkaka.

Ndinapeza akumadire, akazi awo, akukazinga mandasi pakhomo. Anandiona, anaona abulu, anangondipatsa madzi n'kutuma uthenga kwa amuna awo. Akumpadire atafika ndinagwada n'kuwafotokozera zonse, ulendo uno pang'onopang'ono, poti m'njira monse ndinkakonza mawu. Ndinati aakazi awiri tiwasunga chaka chonse monga tinapanganira. Wamphongo abwere tikakolola, nthawi imene amayenda yekha, ndipo mvula yoyamba ikagwa azibwerera. Ndinati achotse chimene akuona kuti n'choyenera, madeya, mafuta, ngakhale ngolo.

"Nanga pano ndimuika pati, akumadire? Pakama?"

"Sindikudziwa, akumpadire. Koma kwathu kuli mwana wokwawa."

"Amuna anu akudziwa kuti muli kuno?"

"Akamva ndikabwerera."

Anapukusa mutu, nkhope itagwa. Akazi awo ndiwo analankhula, osasiya kutembenuza mandasi, akuti bulu ameneyu anawalumapo galu kale, kodi aiwala? Akumpadire anati imeneyo inali nkhani ina. 

Mafuta anachotsadi, madeya anawachepetsa, ndipo panapita miyezi asanaimitsenso mota pakhomo pathu. Pambuyo pake ndinamva kuti anapeza munthu wa khola la waya kunja kwa Cassacatiza, amene anawatchulira mtengo wa dzinja wosiyana ndi wa chilimwe, wokwera ndithu, ndipo analipira. Bambo a ana anandikwiyira masiku angapo, makamaka tikadya ndiwo zopanda mafuta. Ngolo anatisiyira, koma inangokhala, poti wamphongo kunalibe ndipo wamkazi wina anali ndi bere, ndiye mpaka masika madzi ndinabwerera kusenza pamutu.

Koma zimenezo n'za pambuyo. Tsikulo wamphongo ndinamumanga ndekha kumtengo wa kuseri kwa nyumba yawo, mfundo ziwiri, ndinawauza akumadire kuti adzukulu awo asafikeko, n'kutembenuka ndi wamkazi uja. Analira kumbuyo kwathu mpaka titakhota. Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka, miyendo itatupa. Ndisanapite kukatenga ana ndinadzera kuseri kwa nyumba, ndinagwedeza chikhomo chija mpaka chinazuka, dzenje lake ndinakwirira ndi phazi. Kenako ndinakawatenga, ndinamuyamwitsa wamng'onoyo, n'kumutsitsa pansi pabwalo kuti akwawe.