Makina Anga Anawagawa Ngati Ng'ombe

Amati munthu akakalamba mtima umazizira. Wangawu uthengawo sunaufike. Ndikamva makina osokera akulira pakhonde la sitolo, ngakhale ndili pa ulendo wa kutchalitchi, mkwiyo umabwerera ngati zachitika dzulo. Imfa ya amuna anga ndinailandira, poti imfa ndi ya tonse. Chimene sindinakhululuke ndi zimene abale awo anachita ndi makina anga.

Kwathu ndi ku Lifidzi, ndipo kusoka ndinaphunzira komweko kwa masisitere ndili mtsikana. Ndinakwatiwa nkhondo ya azungu itangotha. Amuna anga anali Mngoni wa kufupi ndi Fonte Boa. Kwawo anapereka ng'ombe, ine n'kunyamuka kukakhala pamudzi pawo monga mtengwa. Ntchito yawo inali ya zikopa. Ankafufuta, kudula zingwe za goli, kusoka nsapato ndi kukonza zishalo za njinga. Zida zawo zinkakhala m'thumba la chikopa cha mbuzi: mipeni yopindika, nyundo, phula lopaka ulusi, ndi lisungulo loboolera lomwe chigwiriro chake chinachita kuda ndi thukuta. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo nyumba yathu inkanunkha chikopa mpaka m'mabulangete.

Makinawo ndinawapeza ndine. Tsiku lina ndinapita ku Vila, kumene lero timati ku Ulongwe, kukagula mchere. Kuseri kwa loja, sitolo ya mmwenye wina, ndinaona makina opondera atawatsamiritsa kukhoma. Denga linawadonthera, dzimbiri linali paliponse, meza yake, thabwa lokhalapo mutu wa makina, chiswe chitadya, ndipo pansi pake nkhuku inali itakonza poikira. Ndinagwira gudumu, silinasunthe. Koma mano ake anali athunthu, ndipo panalibe pothyoka.

"Mayi, chimenecho chinafa kalekale," anatero mwini lojayo.

"Ndigulitseni maliro omwewo," ndinatero ine.

Anaseka, koma anagulitsa. Ndinapereka nyemba zimene ndinalima ndekha kudimba, ndi mbuzi yaikazi imene amayi anga anandipatsa pokwatiwa. Tinawabweretsa pa ngolo. Alamu anga aakulu, achimwene awo a amuna anga, atationa tikutsitsa anafunsa ngati tagula nangula. Mlongo wawo anati mtengwa wa ku Lifidzi wasinthanitsa mbuzi yobereka ndi dzimbiri. Mudzi wonse unaseka mokwanira, ndipo ndimawakumbukira onse amene anaseka.

Nyengo yonse yozizira ndinathera pa makinawo. Kuzizira kwa kwathu kuno mumakudziwa, zala zimachita kuuma. Ndinamasula mapalafuzu onse, timisomali tomangira mozungulitsa tija, n'kumaika kachitsulo kalikonse pa mphasa motsatana ndi mmene ndakachotsera kuti ndisadzasokoneze pobwezera. Ndinaviika m'palafini, n'kumakwecha ndi phulusa ndi kansanza. M'malo mosafika chala ndinkalowetsa nthenga ya nkhuku. Mmisiri wa matabwa amene ankagwira ntchito kwa apadiri, ansembe a ku Fonte Boa, anandipalira meza yatsopano, ine n'kumusokera malaya pamanja. Kachitsulo konga bwato komwe mumakhala ulusi wapansi, kamene ife tinkangoti kabwato, munalibe. Amuna anga anawoloka malire wapansi mpaka ku Dedza kukakafuna. Lamba anadula iwo. Anasankha chikopa cha pamsana pa ng'ombe, n'kuchidula mozungulira kuti chingwe chitalike, kenako n'kumachikoka pa chibowo cha chitsulo mpaka chinakhala chobulungira. Tsiku limene gudumu linazungulira, singano n'kutsika n'kukwera ndi ulusi wapansi, ndinalira ngati mwana. Iwo anangotsokomola n'kutuluka panja.

Kuyambira pamenepo pakhomo pathu sipankasowa anthu. Madiresi a ubatizo, makabudula a ana a shikola, kapena titi sukulu, zigamba za amuna obwera kuchokera ku chibalo, zonse zinkadzera pa ine. Omwe anaseka aja ankabwera nsalu ili m'khwapa, akuti, "Alamu, mungotipindirako m'mphepetemu." Ndinkawapindira. Ana athu awiri anamwalira ali akhanda, ndipo ndinkamva amayi kuchitsime akunong'onezana kuti mwana wanga ndi makina. Zinkandiwawa, koma sankanama. Pamudzi wa eni, mkazi wopanda mwana amafunika chomuimitsa, ndipo changa chinali chimenecho.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chaka china kukuzizira, amuna anga anadwala chibayo, ndipo sanachedwe.

Pa tsiku la kumeta anapha ng'ombe. Wogawa nyama anali apongozi anga aamuna, nkhalamba yofatsa imene inkaopa mkangano kuposa njoka. Dera lonse linkawadziwa pa kugawa. Ankadziwa wolandira mutu, wolandira chifuwa, wolandira mwendo, ndipo pakagawa iwo palibe ankang'ung'udza. Anthu atadya anandiitana pabwalo. Anandifunsa ngati ndilola kulowa chokolo kwa mng'ono wa malemu. Munthuyo anali ndi mkazi wake wa ukwati wa kutchalitchi, ndipo ndinakana. Basi, anati ndibwerere kwathu, katundu wa malemu atuluke panja.

Anatulutsa thumba la zida lija. Mipeni inapita uku, nyundo uko, lisungulo kwa msuweni wina amene sanasokepo ngakhale chikwama cha fodya. Ndinazisiya zipite, poti zinali za mbale wawo. Kenako anyamata anatuluka atanyamula makina anga, n'kuwaika pakati pa bwalo.

Alamu aakulu anati ndi awo poti ndiwo oyamba kubadwa. Mng'ono uja anati ndi ake poti wamanidwa mkazi. Mlongo wawo anati mwamuna adzatani nawo makina, apatse iye. Mawu anakwera, wina anaimirira, wina n'kuvula chipewa n'kuchiponya pansi. Ine ndinagwada n'kuomba m'manja.

"Bambo, pepani. Makinawa si a malemu. Ndinagula ndine, ndi nyemba zanga ndi mbuzi ya amayi anga."

Alamu aakulu sanandiyang'ane n'komwe. "Mbuziyo inkagona m'khola la yani, mlamu? Nyembazo munalima m'dimba la yani?"

Ndinatembenukira kwa mlongo wanga amene anabwera kudzandiimira. Anali atazolika. Anandikoka nsalu n'kunong'ona kuti, "Khala chete. Sunawasiyire mwana. Akati tibweze ng'ombe zawo, tizitenga kuti?" Ng'ombezo zinali zitapita kale kukalowola mkazi wake. Ndinatseka pakamwa chifukwa cha ng'ombe zimene sindinamweko ngakhale mkaka wake.

Apa ndi pamene apongozi anga anakweza dzanja. Nkhope yawo inali yowala ngati munthu amene wapeza njira pamene ena onse asokera.

"Ana inu, musandichititse manyazi pamaso pa alendo. M'mawa uno tagawa ng'ombe, alipo wadandaula? Chinthuchi ndachiyang'ana bwino. Mutu chili nawo, miyendo chili nayo, msana ndi uwu. Nanga chovuta n'chiyani? Wamkulu atenge mutu, wamng'ono miyendo, mlongo wanu thabwali."

Bwalo lonse linavomera. Amayi ena mpaka analuluta.

"Bambo, makina si ng'ombe!" ndinakuwa, ulemu nditauiwala. "Ng'ombe mukaigawa aliyense amakadya. Awa mukawagawa palibe adzadye. Kuli bwino mupatse munthu mmodzi, aliyense amene mungafune, akhale athunthu."

"Ndiye enawo apite chimanjamanja?" anafunsa modabwa. "Mwana wanga, chisoni chakusokoneza. Ine sindikondera."

Sankakondera, n'zoona, ndipo chimenecho n'chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Akanakhala munthu wankhanza bwenzi ndikungodana nawo n'kupuma. Koma anaononga chinthu chamoyo mokoma mtima, akumwetulira, anthu akuwayamika.

Mng'ono uja anatola nyundo ya malemu, n'kuyamba kufunafuna pomenya kuti mutu uchoke pa meza. Ndinaimirira n'kumulanda. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga chomasulira changa, n'kugwada pakati pa bwalo. Mapalafuzu amene ndinamanga ndekha ndinawamasula ndekha, mudzi wonse ukuonerera, mutu wanga uli wometa kumene. Ndinkadziuza kuti zikachoka bwinobwino, tsiku lina ndidzazisonkhanitsa. Nditamaliza, apongozi anatola lamba ndi kabwato n'kundipatsa ndi manja awiri. Anati nanenso ndisachoke wopanda kanthu. Pa ng'ombe ija ndinalandira matumbo, apanso chimodzimodzi.

Ndinabwerera ku Lifidzi, m'kanyumba ka kuseri kwa mlongo wanga. Ndinayambiranso kusoka pamanja. Diresi imene pa makina ndinkaimaliza dzuwa lisanapendeke inkanditengera masiku, ndipo anthu anayamba kupita kwa matelala a ku Vila. Mkazi wa mlongo wanga, yemwe uja wa ng'ombe zanga, ankandiwerengera zipande za ufa ndi maso.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Titakolola ndinanyamuka kukayenda khomo ndi khomo. Mlamu wanga wamkazi ndinapeza meza ataisanjikapo mbale, bowo la pakati atatsekapo ndi lichero. Anandilandira bwino. Anati andipatsa, koma ayambe apereka achimwene ake, iye asaoneke ngati wanyoza chigamulo cha bambo.

Kwa mng'ono uja ndinapeza zitatha kale. Miyendo anaitengera kwa wosula kuti amusulire nkhwangwa. Chitsulo chimenecho n'chofanana ndi cha mphika wa miyendo itatu, sichisulidwa. Atachiotcha n'kumenya kamodzi chinangoti phwaa. Anandionetsa zidutswa zili m'dengu, akudandaula kuti pogawa paja iye ndiye anaponderezedwa. Ndinamuyang'ana, n'kuona kuti akuyembekeza kuti ndimupepese.

Unatsala mutu. Telala wina wachikulire wa ku Vila anandiuza kuti mutu wokha ukhoza kugwira ntchito, bola kuuikira chopukusira cha pamanja, ndipo anali nacho chakale chimene analola kundipatsa. Mtima unakhalako pansi. Ndinasoka, ndinapalira m'minda ya anthu, mpaka ndinapeza kambuzi. Mvula yoyamba itagwa ndinakakoka pa chingwe kupita kwa alamu aakulu, kukagula kachiwiri chinthu changa chomwe.

Anandiyalira mphasa, tinalonjerana, ndinanena chimene ndadzera. Anayang'anizana ndi akazi awo.

"Mwachedwa, mlamu," anatero. "Chinthu chija chinatisowetsa mtendere. Chilowereni m'nyumba muno mayi awa sankagona. Malemu ankawabwerera kutulo, ataima pakhomo, osayankhula. Akuluakulu anati akufuna katundu wawo. Tinakawapatsa."

Sindinamve msanga. Anaitana mmodzi wa adzukulu okumba manda kuti atitsogolere, ndipo mbuzi ndinaimangirira pamtengo. Tikuyenda ndinkapemphera chinthu chimodzi chokha. Kwathu kuno mbale kapena chikho chimene aika pamanda amayamba achiboola, kuti wakuba asachisirire. Ndinkapempha Mulungu kuti pa ichi chokha akhale ataiwala mwambo.

Sanaiwale. Mutu wa makina anga unali pamtumbira, pafupi ndi mtanda, utagona cham'mbali. Anaumenya ndi nkhwangwa pakhosi mpaka unathyoka pawiri. Gudumu linali palokha, litazama theka m'dothi. M'kati mmene ndinkapititsa nthenga ya nkhuku munali mutadzaza madzi a mvula ofiira ndi dzimbiri. Ndinagwada n'kulowetsamo chala. Sindikudziwa chimene ndinkafuna.

Kumanda sakwezako mawu, koma ine ndinakweza. Ndinawatchula onse mmodzimmodzi, wa mutu, wa miyendo, wa thabwa, wogawa, ndi mlongo wanga yemwe. Ndinafunsa ngati malemu anawauza ndi pakamwa pawo kuti akufuna makina, kapena ankangodabwa kuti makina a mkazi wawo akutani m'nyumba ya eni. Mdzukulu uja anathawira kumbuyo kwa mtengo. Alamu anadikira kuti nditope, chipewa chili pachifuwa, ndipo atayankhula anayankhula mofatsa, ngati akutonthoza mwana.

"Lirani, mlamu, n'chikondi chimenecho. Koma mutithokoze. Ena akanagulitsa, ife tabwezera mwini wake."

Mwini wake ndinali nditagwada pomwepo pamapazi awo, wamoyo, matope ali m'manja, ndipo sanandione.