Mkulu wa Asilikali a Mumlengalenga ku Nsaru

Nditapuma pa ntchito yauphunzitsi, mwana wathu wamkazi wa ku tauni anatigulira mafoni, ina yanga, ina ya mayi ake. Mu yangayo anandiikira gemu yoti ndizitayirapo nthawi. Mmenemo ndinali mkulu wa asilikali a mumlengalenga. Ntchito yanga inali kuperekeza zombo za amalonda, zonyamula madzi ndi mbewu kuchoka pa nyenyezi ina kupita pa ina, kuti achifwamba asazilande. Achifwambawo anali anthu enieni, osewera pa mafoni awo kwinakwake.

Udindowu ndinaugwira ndi mtima wonse. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Nsaru, magalasi ali pamphuno, kudimba kabichi akufota. Akazi anga akati, “Bambo, khola la mbuzi lija lapendama,” ndinkangoti, “Dikirani, mayi, zombo zili pamalo oopsa.”

Kenako kunabuka wachifwamba wina wachilendo. Ndikakhala tcheru sankaoneka. Ndikangolowa kubafa, potuluka chombo chapita. Ndikapita ku msonkhano wa akulu a mpingo, ziwiri. Ndinayamba kukayikira mkulu wa mpingo mnzanga amene ankakonda kupisa m’thumba nthawi ya pemphero, mpaka ndinasiya kumubwereka pampu ya njinga.

Tsiku lina masana ndinanyamula ndowa ndi thaulo ngati ndikukasamba, foni nditaibisa m’thumba. Ndili chiimire m’bafa lathu laudzu, ndinaona wachifwamba uja akutulukira kuseri kwa mwezi. Nthawi yomweyo kukhitchini kunamveka, “Pyu! Pyu! Pyu!”

Ndinathamangira komweko. Ndinapeza akazi anga ali pamkeka, lichero la mtedza pamiyendo, foni ili mumtedzamo, chala chikuvina.

“Mayi! Kodi ndinu?”

“Taimani kaye, bambo, ndimalize ichi.”

Anachilandadi, ine ndikuona ndi maso angawa.

“Zombo zimenezo n’za anthu osalakwa!” ndinatero. “Inu woimba kwaya ya amayi, mpaka chifwamba?”

“Nanga kabichi uja analakwa chiyani? Ine ndinafunsa mwana wanuyo kuti chandilanda mwamunachi n’chiyani, iye n’kundiikira gemu yomweyo. Itandifunsa mbali, ndinasankha yoti ndizikupezani.”

Madzulo ake ndinadula mitengo n’kukonza khola, ndipo iwo anandibwezera chombo chimodzi. Chachiwiri anati chibwera kabichi akadzuka.

Pambuyo pake ndinawanyengerera kuti alowe usilikali, ndikuwalonjeza ukaputeni. Anakana, ati kuchifwamba kulibe wokulamula. Pano ali ndi gulu lawolawo, anyamata a kumayiko amene sitingathe n’kuwatchula komwe, ndipo zimene amalemberana ndine ndimawamasulira. Chimene tinagwirizana n’chakuti Lamulungu kulibe nkhondo. Masiku ena onse, tikaweruka kudimba timakhala pakhonde, aliyense kubisa foni yake ndi dzanja.