Lichero la Amayi ndi Njira ya Mwezi

Ndikukumbukira chaka cha kadamsana, ndili giredi seveni pasukulu ina kufupi ndi Sinda. Inali nyengo yokumba mtedza. Kunada masanasana, nkhuku zathu n'kuthamangira m'khola. M'mawa mwake aphunzitsi athu, a Tembo, anajambula dzuwa, mwezi ndi dziko pamzere umodzi. Anati mwezi umazungulira dziko mwezi ndi mwezi, ndipo ukadutsa pakati pa ife ndi dzuwa, kumada.

Ine pakamwa panga sipankachedwa kuyabwa. Ndinakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga bwanji kadamsana sabwera mwezi uliwonse?"

Anatsegula buku, yankho munalibe. Wina kumbuyo anaseka, nkhope ya aphunzitsi n'kusintha.

"Iwe Tisiyenji, ufuna kuphunzitsa ndani? Pepesa! Apo ayi ukazule chitsa chili kuseri kwa ofesi, ndipo m'kalasi muno usapondemo."

Mayeso olowera kusekondale anali pafupi, koma ndinasankha chitsa. Masiku atatu ndinalimbana nacho, khasu likunjanja, matuza akuphulika m'manja, anzanga ndikuwamva akuloweza sayansi pawindo. Ndinkalira, inde, koma ndi mkwiyo.

"Ungopepesa, mwanawe, mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero amayi, akupeta mtedza pabwalo. "Ufuna kukalamba ndi khasu ngati ine?"

"Ndalakwanji, amama?"

Anangopitiriza kupeta. Dzuwa linali litapendeka, ndipo lichero lawo linkanditchinga m'maso likakhala mowongoka. Akalipendeketsa, m'mphepete mwake munkadutsa pamwamba pa dzuwa, pena pansi pake. Ndinawalanda lichero mtedza uli momwemo.

M'mawa ndinalowa m'kalasi osagogoda, lichero kumanja, ndimu kumanzere. Ndinaika ndimu pakati pa lichero.

"Ili ndi dziko. M'mphepetemu ndi njira ya mwezi. Mutu wanuwo, aphunzitsi, ndi dzuwa."

Mutuwo unali wadazi, ndipo kalasi yonse inafa nako kuseka. Ndinapendeketsa lichero pang'ono, n'kuwaonetsa kuti njirayo ikapendekeka, mwezi umalambalala dzuwa, pena m'mwamba pena m'munsi, ndipo umangokumana nalo mwa apo ndi apo. A Tembo anayang'ana licherolo nthawi yaitali.

"Khala pansi," anatero. Mayeso ndinalemba, ndipo ndinakhoza.

Kusekondale n'kumene ndinamva kuti kupendekekako kumayezedwa ngati ngodya, ndipo ndi madigiri asanu okha ndi kachidutswa. Masiku ano mwana wanga amafunsa foni, yankho n'kubwera asanameze malovu, ndipo palibe amene amamuzulitsa chitsa. Zimandisangalatsa, ngakhale kansanje sikalephera.

A Tembo ndinakumana nawo pamsika wa Katete atapuma ntchito, akuyendera ndodo. Anandiuza monyadira kuti zaka zonse zotsatira ankaphunzitsa kadamsana ndi lichero, nzeru imene akuti anaitulukira okha. Ndinawanyamulira thumba lawo mpaka pa minibasi. Iwo sanapepese, inenso mpaka lero sindinapepese.