Chitsulo cha pa Dooko la a Alufeyo

A Alufeyo Mhone ankaolotsa anthu pamtsinje wina pakati pa Kande ndi Tukombo, masiku amene mlatho wamitengo unkapita ndi madzi dzinja lililonse. Bwato analisema okha. M'mawa ankayamba ndi ana a sukulu, ndipo ankawawerenga mitu pokwera ndi potsika.

Tsidya linalo, pamtengo wa mkuyu, anapachikapo chitsulo cha gudumu la lole. Wofuna kuoloka ankamenya kawiri. Kumenya katatu kunkatanthauza kuti pali wodwala, ndipo a Alufeyo ankasiya chilichonse n'kuthamangira kudooko, pakuti chipatala chinali mbali yawo.

Chaka chimene kolera inafika kunyanja, boma linatseka njira. Tcheyamani wa chipani, a Jobe, anabwera ndi mkulu wa zaumoyo wolankhula Chichewa chothamanga cha kuchigawo chapakati. Mkuluyo anafotokoza kuti matendawa afika kale tsidya lija, bwato likhale pamtunda mpaka boma litanena, ndipo makamaka wodwala asaolotsedwe, mankhwala adzamupeza komweko. A Jobe anaonjezera m'Chitonga, motsitsa mawu, kuti wophwanya lamulo masiku ano akatengedwa sabwerako msanga.

Sabata yachiwiri, dzuwa lili paliwombo, chitsulo chinalira katatu. A Alufeyo anali akuvuula chinangwa chimene anaviika. Ankadziwa mtima wawo: akatsikira kudooko n'kuona nkhope ya munthu, adzakankhira bwato m'madzi. Choncho sanatsike. Anasenza dengu n'kukwera kumunda wakumtunda, chitsulo chikuwatsatira, katatu, n'kupuma, katatu, mpaka chinaleka.

Nkhani inadza patapita masiku awiri ndi msodzi wodzera panyanja. Womenya chitsulo uja anali mkamwini wawo, Goodson. Wodwalayo anali Bertha, mwana wawo wachisamba, wokwatiwa tsidyalo. Sinali kolera. Anali woyembekezera, mwana anagona mopingasa, ndipo azamba atalephera anamunyamula pamachira mpaka pamkuyu paja. Madzi ankakokoma kotero kuti mawu a Goodson sankaoloka. Bertha anamwalirira pomwepo, pamodzi ndi khandalo.

Mudzi wa a Alufeyo sunataye munthu ndi kolera, pamene tsidya linalo anaika anthu khumi ndi anayi. Pamsonkhano a Jobe anaimiritsa a Alufeyo ngati chitsanzo, anthu n'kuwaombera m'manja. Ana onse amene ankawawerenga mitu aja anali pomwepo, amoyo. A Alufeyo anawawerenganso, kenaka anayang'ana pansi.

Tsiku limene njira inatsegulidwa, woyamba kukwera bwato anali Goodson. Atafika pakati pa mtsinje, anafunsa apongozi akewo.

"Ada, munamva?"

"Ndinamva, mwanangu."

Sanakambenso za tsikulo moyo wawo wonse.

A Alufeyo anapitiriza ntchito yawo mpaka mlatho wasimenti utamangidwa. Bwato linaola pamtunda, chitsulo chija wina anapita nacho. Koma ngakhale atakalamba, dzuwa likafika paliwombo ankaika pansi chimene agwira n'kutsetserekera kudooko lakale, ndodo ili m'dzanja. Ankaima pamenepo, maso ali pamkuyu. Ana ochokera kusukulu akamadutsa pamlatho, ankawaitana n'kuwafunsa ngati amva kanthu. Anawo anali atazolowera. Wamkulu pakati pawo ankathamangira tsidya, n'kuzungulira mkuyu, n'kubwerera kudzanena kuti palibe munthu. Apo m'pamene a Alufeyo ankatembenuka kubwerera kunyumba.