Chipinda Changa Chinasanduka Msewu

Ndikukumbukira bwino tsiku lomwe bambo anga anandilanda chipinda. Ndinali mu Sitandade 5, ndipo tinali titangopeza puloti ku Machinjiri, titatopa ndi lendi ya ku Zingwangwa komwe ana tonse tinkagona pabalaza ngati matumba a chimanga. Nthawi imeneyo dera lathulo linali minda ya nandolo, nyumba apo ndi apo. Poti mtsikana ndinali ndekha, bambo anali atandilonjeza chipinda changachanga. Mmisiri atakhoma zikhomo n'kukoka chingwe cha maziko, ndinalowa m'kati n'kugona chagada pafumbi. Pokoleka galasi ndinali nditasankha kale.

Masana kunabwera lole ya mchenga, ikudutsa m'munda mwa eni ake. Dalaivala akutsitsa anati, "Lero tadutsa m'nandolo. Akadzamanga onsewa, muzidzasenza pamutu."

Bambo atamva zimenezi, anadula nsungwi yaitali, anayeza m'lifupi mwa loleyo, n'kuwonjezerapo poti munthu apatukire. Anapita kumalire a puloti, anagoneka nsungwi ija, n'kuuza mmisiri kuti abweze zikhomo. Pulotiyo inali yaing'ono, kuseri kuli chigwembe, ndiye chomwe chinadyedwa ndi chipinda changa.

Ndinalira mpaka mawu anasasa. Bambo anangoti, "Mwana wanga, kuno kukubwera anthu ambiri. Tikapanda kusiya msewu lero, mawa palibe adzagwetse nyumba yake." Ine za mawa zinalibe nane ntchito. Ndinkafuna chitseko chotsekera alongo anga kunja.

Kuyambira pamenepo, aliyense akagula malo mumzere wathu, bambo ankamuyendera Loweruka, nsungwi ili paphewa. Anthu anawapatsa dzina loti a Nsungwi. Ena ankawaseka, amvekere, "Kodi a khonsolo akulembani liti ntchito?" Munthu akavuta, bambo ankanditenga ine ngati umboni. A Likaka, omwe anagula kumunsi kwathu, anakana kwamtuwagalu, mpaka bambo anandikokera kutsogolo.

"Mwana mukumuonayu amagona kuseri kwa katani. Chipinda chake ndi pomwe mwadutsa ndi njerwa zanupo."

Ine ndinagwetsa nkhope, mlomo uli tswii. A Likaka anandiyang'ana, anaseka mpaka kukhosomola, n'kuzula zikhomo zawo okha. Kunena zoona, ntchito imeneyo ndinayamba kuikonda. Pobwerera bambo ankandigulira zigege, n'kumandiuza kuti nkhope yachisoniyo ndisamaionjeze kwambiri.

Msewuwo unakhalanso bwalo lathu. Fulaye, phada, jingo, zonse tinkasewerera pamenepo mpaka amayi atatiitana, miyendo ili mbuu.

Mmene ndinkamaliza sekondale, minda ija inali itatha. Nyumba zinamera paliponse, ndipo kumizere ina tinjira tinapanikizika moti wosenza ndowa ankadutsa chammbali. Odwala ankawabereka kumsana kukafika nawo kumsewu waukulu. Kwathu kokha galimoto inkafika pakhomo, ndipo omwe ankaseka a Nsungwi aja ankadzatsitsira simenti yawo pafupi ndi khonde lathu.

Tsiku la ukwati wanga galimoto yokongoletsedwa ndi maliboni inatsetsereka mumsewu uja, amayi a kumphakati akuvina m'mbuyo mwake, nthungululu zili pakamwa. Inaima penipeni pakhomo. Bambo, atavala suti yawo yotuwa, anandigwira dzanja n'kundinong'oneza.

"Waona pomwe yaima? M'chipinda mwako."

Ndinaseka mpaka misozi inawononga zodzola zonse, apongozi n'kumaganiza kuti ndikulirira kwathu.

Lero ndikamva anthu akudandaula kuti tauni ya Blantyre yathinana, ndimadziwa pomwe zimayambira. Aliyense amakoka chingwe mpaka kumalire, n'kumayembekeza kuti msewu asiya mnzake. Chaka chino ine ndi amuna anga tapeza kamalo kathu kunja kwa tauni, komwe kukadali minda. Mwana wathu wamkazi wasankha kale chipinda chake. Nsungwi ndadula kale, koma sindinamuuze.