Mwamuna Wahayala wa Mlongo Wanga

Mlongo wanga Falesi anabwezedwa kawiri kusikelo ya amayi oyembekezera chifukwa anapita wopanda mwamuna. Kachitatu analandiridwa bwino ndithu, mpaka kumuika pabenchi yakutsogolo, chifukwa ndinamulipirira mwamuna wahayala. Chipatalacho sinditchula dzina. Eni ake akawerenga adzidziwa okha.

Ndiyambe ndi alamu anga a Yohane, mungawaganizire zoipa. Sanathawe mimba ayi. Anali ku Mozambique, kocheka matabwa, ndipo kumeneko suchoka pantchito ati chifukwa mkazi wako akukayamba sikelo. Ukachoka, pobwera upeza sowo yako ili m'manja mwa wina. Ndiye woyang'anira Falesi ndine, mchimwene wake. Kwathu kuno kuseri kwa Michesi zimenezi sitichita kufunsa. Mlongo wako akadwala, khomo loyamba kugogodedwa ndi lako. Ine ndine mwinimbumba.

Ulendo woyamba Falesi anapita yekha wapansi, mimba ikadali yaing'ono. Anamuuza kuti woyamba sikelo amabwera ndi amuna ake, apo ayi abweretse kalata ya amfumu yonena kumene kuli mwamunayo. Amfumu athu akudwala, ali kwa mwana wawo ku Blantyre chiyambire Isitala, ndipo chidindo anapita nacho. Falesi ndi munthu wamanyazi. Anabwerera, n'kukhala duu, kudikira kuti amuna ake abwera. Nandolo anachita maluwa mpaka kuyamba kukhwima, a Yohane osaoneka.

Ine ndinadzidzimuka tsiku lina nditaona kuti akuyenda chopanda patapata. Nditafunsa anati sakumukwananso. Kuyang'ana mapazi, atupa ngati mtanda wa mandasi. Anati mutu sukumuleka, ndipo akaimirira akumaona tinyenyezi masana. Sindine dokotala, ndimalima chinangwa, komabe ndinaona kuti apa sizili bwino.

Oyamba kumene amalandiridwa Lachinayi lokha. Lachinayi ndinamukweza panjinga mbandakucha, ndipo 7 koloko isanakwane tinali titafika. Tinapeza amayi akuimba nyimbo zawo za sikelo, kuwomba m'manja bwino, ngati kwaya. Obwera ndi amuna awo anali kutsogolo. Ife tinatsatira pomwepo, ine n'kumadziona kuti mwamuna ndiye ndilipo.

"Awa ndi amuna anu?" anafunsa anesi. Ankayang'ana Falesi, ine ngati mtengo.

"Ndi achimwene anga."

"Nanga amuna anu?"

Ndinayankha ndine. Ndinati ali ku Mozambique pantchito, ine ndine mwinimbumba, chilichonse chofunika kumva ndimva ndine.

"Ndiye mimbayi ndi yanu, bambo?"

Benchi yonse inafa nacho chiseko. Falesi anadziphimba kumaso ndi chitenje. Inu amene mukuwerenga, mawu otere, kunena kwa munthu pamaso pa mlongo wake, kumudzi kwathu amatha ndi mbuzi. Ndinameza malovu, poti ndinabwerera thandizo, osati mlandu.

Ndinatulutsa foni. Ndinati tiwaimbire a Yohane pompano, alankhule nanu okha. Anesi anati foni siyezedwa magazi. Ndinati chabwino, magazi a alamu adzayezedwa akadzabwera, koma taonani mapaziwa, munthuyu mutu ukumupwetekanso. Anasuzumira pansi pa tebulo kamodzi, n'kunena kuti mimba ndi choncho, achepetse mchere. Kenako anaitana wotsatira.

Makina oyezera BP anali patebulo pomwepo, pafupi ndi chigongono chawo. Ndinawaona ndi maso angawa. Kodi kukulunga kansalu kaja pamkono wa munthu kumafuna setifiketi ya ukwati?

Tinatuluka. Kumsika kuli kachipatala kolipira, ndiye tinayesa kumeneko. Uko sanafunse za mwamuna ngakhale pang'ono, ulemu wokhawokha, mpaka kutiuza kuti tikhale pansi. Anangofunsa K15,000 yongomuona, mankhwala pambali. Mwezi uno? Nandolo akadali m'munda, mavenda sanayambe kubwera ndi masikelo awo. Tinathokoza chifukwa cha mpando n'kudzuka.

Pobwerera tinadutsanso pageti la chipatala chija, ndipo mayi wina wogulitsa zitumbuwa anatiitana.

"Mwabwezedwa eti? Amuna awo kulibe?"

Ndinavomera.

"Nanga mukuvutikiranji, achimwene? Amuna si awo ali pansi pa mtengo wa mangowo."

Pansi pa mtengowo panali akabaza, njinga zawo atazitsamiritsa, akusewera bawo. Ndinayesa mayiyo akundiseka. Anangokuwa dzina limodzi, ndipo anadzuka bambo wina wamkulu ndithu, imvi zayamba kale m'mbalimu. Amenewo ndi a Dafuleni. Sanadabwe, sanafunse zambiri. Anamasula kajumbo kunsi kwa chishalo cha njinga n'kundionetsa shati yoyera, yosita, yopinda bwino. Yunifolomu yake imeneyo.

"Musadandaule achimwene, imeneyi ndi ntchito yathu," anatero. "Kukhala pabenchi n'kumvera uphungu ndi thu sauzande. Koma akandibaya chala muwonjezere wani. Magaziwo ndi anga."

Ndinaseka. Ndinafuna kuti tilowe nthawi yomweyo, koma a Dafuleni anakana. Anati lero anesi atiwona kale, achita manyazi kutilandira, tibwere Lachinayi linalo. Mwamva? Oyenera kutetezedwa ku manyazi anali anesi.

Sabata imeneyo Falesi ankagona chokhala, atatsamira khoma. Nkhope nayo inayamba kutupa. Ine ndinagulitsa tambala amene ndinkasungira Khirisimasi.

Lachinayi linalo tinakumana ndi a Dafuleni panjira, atavala kale shati ija. Anayamba kumuphunzitsa Falesi ngati mayeso. "Ana tili nawo angati, mayi? Woyamba dzina lake ndani? Tinamangitsa kutchalitchi kapena tinangolowana?" Falesi ankayankha akuyang'ana pansi. Mkazi wa mwini wake, wa mvano kumpingo, kuloweza bodza pamsewu kuti ayezedwe. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinadzida ndekha kuti ndine ndamufikitsa pamenepa.

Iwo analowa awiri. Ine mwinimbumba ndinakaima kuseri, pawindo, ngati wakuba nkhuku.

Anesi anali omwe aja. Anakweza maso n'kumwetulira.

"A Dafuleni, mwabweranso? Mwezi uno banja lanu lakula bwanji."

"Mulungu akudalitsa, anesi."

Anaseka onse awiri, ndipo anesi anayamba kulemba.

Apa ndi pamene magazi anga anawira. Ine ndimayesa tikuwapusitsa. Ndimachita mantha kuti tigwidwa. Kani akudziwa. Akudziwa dzina lake, akudziwa njinga yake, mwina amakwera yomweyo popita kumsika. Akudziwa kuti bamboyu ndi mwamuna wa theka la amayi a mbali ino ya phiri. Mchimwene weniweni, wobadwa naye mimba imodzi, anamubweza ndi chipongwe. Mlendo wapansi pa mango anamulandira ndi nthabwala. Ndiye lamulo limeneli likuteteza ndani?

Uphungu unachitika mwadongosolo. A Dafuleni anauzidwa kuti akonzeretu beseni, zitenje ndi ndalama ya thiransipoti, ndipo ankagwedeza mutu mwaulemu. Analonjeza kuti azithandiza mayi kutunga madzi. Anabayidwa chala osaphethira n'komwe. Chala chimenecho chinazolowera.

Kenako anesi anakoka makina aja n'kukulunga kansalu pamkono wa Falesi. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumaliza chitumbuwa. Anayang'ana manambala, kumwetulira kunatha. Anamasula, n'kukulunga mkono winawo. Anayang'ananso. Anadzuka mofulumira mpaka mpando kugwa, n'kukaitana adokotala.

Atabwerera, mawu oyamba amene anauza mlongo wanga anali awa: "Mayi, munali kuti nthawi yonseyi? Mukufuna mudzatifere pano?"

Ulemu wanga unathera pomwepo. Ndinayankhira pawindo. Ndinati anali pompano Lachinayi lapitali, pabenchi yomweyo, ndi mapazi omwewo, ndipo munamuuza kuti achepetse mchere. Ndinati analinso pompano mimba ikadali yaing'ono. Amayi a pabenchi ulendo uno sanaseke. Anesi anabwera pawindo n'kukoka katani.

A Dafuleni anatuluka nthabwala zitawathera. Anandikokera pambali.

"Achimwene, apa sewero latha. BP yakwera moopsa. Akuti apite kuchipatala chachikulu ku boma lero lomwe."

Chilungamo ndinene. Kuchokera pamenepo achipatala anathamanga. Anamugoneka Falesi, anamubaya jakisoni, anaimbira ambulansi. Anesi omwe aja ankabwera pafupipafupi kudzamuona. Ntchito amaidziwa, zimenezo sindikutsutsa, ndipo n'zimene zikundipweteka kwambiri. Ambulansi inali kwina ndi wodwala wina, ndiye tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. A Dafuleni sanabwerere kubawo. Anakhala nane pakhonde, makasitomala akudutsa, iwo osadzuka.

Ambulansi itafika, adalaivala anati malo operekeza ndi a munthu mmodzi. Anesi anakuwa kuti amuna ake akwere. Tonse tinayang'anana. A Dafuleni anandikankha kumsana.

"Kwerani inu. Ukwati wanga umathera pageti."

Ku boma anayesa kutsitsa BP koma inakana. M'mawa mwake anamuchita opaleshoni, mimba isanakwane miyezi isanu ndi itatu. Mwana wamwamuna. Dokotala wa kumeneko, mayi wofatsa, anandifunsa chifukwa chake tinachedwa kuyamba sikelo. Ndinamufotokozera zonse, ndi za shati yoyera zomwe. Sanaseke. Anati vuto limeneli likadziwika msanga amatha kumamuyang'anira mayi pafupi, ndipo mwina mwanayu akanakhalamo masabata ena angapo. Anati mwina. Mawu amenewo akundisowetsa tulo mpaka lero.

Tsono ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna wina wa ofesi ya zaumoyo andiyankhe pompano pamene anthu akuona.

Ndikudziwa chifukwa chake mumafuna abambo kusikelo. Alipo amuna amene amathera tsiku kumowa mkazi ali ndi pakati, ndipo amenewo akokeni ndi khutu, ine ndikuthandizani. Koma mwamuna akasowa, chilango n'chifukwa chiyani chimagwera mimba? Theka la amuna a kuno ali ku Mozambique, ku Joni kapena kumaesiteti, ndipo zimenezi simukuzimva koyamba kwa ine. Nanga wamasiye? Nanga mtsikana amene mnyamata anamukana? Nawonso akagulitse tambala?

Lamulo lobweza mayi woyembekezera analemba ndani? Lili papepala, kapena linangomera pakamwa pa munthu? Ngati lilipo, mutionetse pamene likunena kuti wotupa mapazi asayezedwe BP. Ngati kulibe, anthu amene akubwezedwa Lachinayi lililonse akubwezedwa m'dzina la yani?

Ndipo inu mumati chithandizo cha boma n'chaulere. Chaulere chake chiti, chofuna kuyamba walipira mwamuna pageti?

A Dafuleni musawavute. Sanabe kanthu. Anangoona khomo limene inu munatseka n'kuyamba kugulitsa kiyi. Pa anthu onse amene ndinakumana nawo pachipatala chija, ndi iwo okha amene aimba foni kufunsa kuti mayi ali bwanji.

Kwa abale anga a m'midzimu, mayi woyembekezera akatupa mapazi ndi nkhope, mutu n'kumamupweteka, musabwerere naye kunyumba ngati mmene ndinachitira ine. Khalani pabenchipo. Kanani kudzuka mpaka amuyeze. Akakunyozani, chipongwe chimapola.

Ndikulemba zimenezi ndili panja pa wodi. Falesi wayamba kuyenda pang'onopang'ono, atagwira khoma. A Yohane ali m'njira, ntchito aisiya. Mwana ndamuona kamodzi. Amugoneka pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhungu, n'kuwamanga pamodzi ndi chitenje kuti azimva kutentha. Mwendo wake ndi chala changa chachikulu n'zofanana. Kuyamwa sakutha, akumamufinyira mkaka m'kakapu.

Dzulo ndinamuuza Falesi kuti monga malume dzina ndakonza kale, angonena tsiku. Anasuzumira m'chitenjemo nthawi yaitali, kuonetsetsa ngati kachifuwa kaja kakukwera ndi kutsika.

"Achimwene," anatero, "dzinalo lisungeni kaye."